Masiku atatu m'galimoto ya oimba

Awerengi anga, sabata ino mundikhululukire, makalata anu ndawaika kaye pambali. Ndatsala ndi imodzi yokha m'manja, ya mayi wina wa ku Chilomoni yemwe akudandaula kuti mwana wake wa Fomu 3 wayamba kujomba kusukulu kaamba ka gitala. Akuti mnyamatayo akumanena kuti sukulu n'kutaya nthawi, iye adzapita ku America kukaimba ndipo amayi akewo adzawamangira nyumba ya mpanda. Mayi, yankho lachidule ndilibe. Chomwe ndili nacho ndi nkhani ya masiku atatu amene ndidakhala m'galimoto ya oimba ku America komweko, mu Ogasiti 2024. Muiwerenge, mukatha mum'patse mnyamatayo nayenso awerenge.

Woimba wake ndi mwana wa malemu mlongo wanga. Dzina sinditchula, angandikwiyire. Nthawiyo n'kuti ali ndi zaka 41. Amakhala mumzinda wa South Bend m'chigawo cha Indiana, komwe Amalawi aliko ochuluka ndithu, moti m'sitolo zina umangomva wina kuseri kwa mashelefu akuti "Mwaswera bwanji?" Kumudzi kuno tonse timamuonera pa Facebook: suti yonyezimira, gitala pachifuwa, magetsi amitundumitundu kumbuyo. Tikaona zithunzi zoterezo aliyense amatola foni. Uyu feteleza, uyu fizi, uyu chipupa cha bafa chagwa ndi mvula. Inenso musandione chonchi, ndidapemphapo.

Ine ndidapitako kukacheza kwa mwana wanga wamkazi yemwe amakhala mumzinda womwewo. Lachinayi madzulo mnyamata uja adatulukira nati, "Azakhali, mumangomva kuti ndimaimba. Mawa tiyeni mukadzionere nokha." Mwana wanga adayesa kundiletsa, ati mukatopa amayi. Ndidamuyankha kuti munthu amene ndachezera m'mawodi zaka zoposa 30, masiku atatu sangandigonjetse. Ndidalongedza kachikwama: chitenje, juzi, Baibulo, mankhwala anga, ndi kamakina koyezera BP komwe sindikasiya kulikonse ndingapite. Namwino sapuma pantchito, amangosiya kulandira malipiro.

Choyamba chomwe ndidazindikira n'chakuti kuimba si ntchito imene imamudyetsa. Lolemba mpaka Lachisanu amagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana. Kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza nkhalamba pabedi kuti zisachite zilonda, kuzikweza panjinga. Ntchito imeneyo ine ndikuidziwa mmene imadyera msana. Lachisanu limenelo adangoweruka, kuvula yunifolomu, ndipo pokwana 3 koloko tinali titanyamuka pa kaminibasi kobwereka. Tidalimo asanu: iyeyo, mnyamata wa ng'oma yemwenso ndi Mmalawi, wa kiyibodi wochokera ku Chipata ku Zambia, mtsikana wothandizira kuimba, ndi ine nkhalamba pampando wakutsogolo. Kumbuyo konse kunali masipika ndi mawaya.

Tidalowera kummwera, ku Indianapolis, mtunda wa makilomita pafupifupi 240 pamsewu wotchedwa US 31. Mukamamva za America musamangoganiza za nyumba zosanjikizana. Mbali imeneyi ya Indiana ndi ya see, yopanda phiri ndi limodzi lomwe, ndipo mbali zonse za msewu ndi chimanga ndi soya mpaka pomwe maso alekezera. Chimanga chobiriwira, chotalika kuposa munthu, koma m'mundamo osaonamo ndi mmodzi yemwe wogwira khasu. Chambiri n'chachikasu, chodyetsera ziweto ndi kupangira mafuta osakaniza ndi petulo. Mtima udandiwawa, poti chaka chomwecho, mu Marichi, boma lathu linali litalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala kaamba ka ng'amba. Ndidangoti kakasi kuyang'ana pawindo mpaka tidadutsa tauni ya Kokomo.

Koma diso langa lina linali pa woyendetsa. Tisanafike ku Indianapolis anali atamwa zitini zitatu za zakumwa zija amati zopatsa mphamvu. Kawirikawiri amadzisisita kumbuyo kwa khosi. Sindidanene kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malo oimbirawo anali lesitilanti ina ya anthu a kumadzulo kwa Africa. Panalibe wotilandira kapena wonyamula katundu. Mwini suti yonyezimira uja ndi amene adasenza masipika pamapewa, kulumikiza mawaya, n'kukasinthira zovala kuchimbudzi. Adayamba 9 koloko usiku, anthu osapitirira 40, ambiri ali pa mbale zawo.

Apa ndinene zoona, Mayi a ku Chilomoni, chifukwa sindikufuna mwana wanu aganize kuti ndikunyoza luso. Mnyamatayu amaimba. Atafika pa nyimbo ina ya kaimbidwe kakale, zala zikuthamanga pa nsambo mokumbutsa malemu Daniel Kachamba wa ku Chileka, anthu adasiya mafoloko. Mayi wina wa ku Ghana yemwe samamva ndi liwu limodzi lomwe la Chichewa adaimirira n'kuyamba kuvina yekha pakati. Ine ndidakumbukira bambo ake, mmene ankakondera nyimbo zotere pa wayilesi Loweruka masana, ndipo misozi idalengeza. Mphatso ngati imeneyi siyogula ndi ndalama, ndipo kholo lomwe lingaphwanye gitala ya mwana wotere lachimwa.

Adamaliza 1 koloko usiku. Malipiro: madola 500, a gulu lonse. Ndidafunsa kuti tigona kuti. Onse adaseka. Ati chipinda cha alendo chingadye theka la ndalamazo, tibwerera usiku womwewu. Wina yekhayo amene anali ndi laisensi, wa ng'oma uja, anali atalawako mowa. Ndiye chiwongolero chidabwereranso kwa mwana wa mlongo wanga, munthu yemwe adadzuka 5 koloko m'mawa wa dzulo lake.

Abale anga, usiku umenewo sindidzauiwala. Misewu yakumeneko m'mphepete mwake adaika timizere tokumbika kuti tayala likapatuka galimoto izinjenjemera ndi kulira. Kawiri konse ndidamva phokoso limenelo, drrrr, iye n'kudzidzimuka n'kuwongola. Kumbuyo onse ali mkonono. Ndidatsegula windo, ndidamufunsa maina a azigogo ake onse mmodzimmodzi, ndidamuimbitsa nyimbo za Sande sukulu, mpaka ndidamutsina pantchafu. Achipatala amadziwa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 kapena 18 amayendetsa ngati wamwako mowa. Uyu anali atadutsa maola 22. Tidafika ku South Bend cha m'ma 4:30 mbandakucha, ine miyendo ili zii.

Loweruka kunali ukwati wa Amalawi mu South Bend momwemo. Za ukwatiwo sinditaya nthawi, poti unali ngati wa ku Zingwangwa kapena ku Area 25: nsima, nkhuku, mpunga, anamkungwi ndi malangizo awo, ndi perekaniperekani wosatha, kungoti zoponyazo zinali madola amodziamodzi ndipo osintha ndalama anali pakona ndi mabeseni awo monga mwa nthawi zonse. Gulu lathu lidaimba mosinthana ndi DJ kuyambira 3 koloko mpaka 10 koloko usiku. Pomaliza akomiti adadulako pa zomwe adagwirizana, ati zinthu zadula. Mnyamata wanga sadatsutse, poti mawa adzafunanso kuitanidwa ndi anthu omwewo.

Chomwe ndikufuna mumve chidachitika cha m'ma 6 koloko, nthawi ya chakudya. Ndidamukokera m'kachipinda kosungira mipando, n'kumukhazika pansi. "Tambasula mkono." Adayesa kuseka, ati Azakhali mwayambatu. Ndidamudikiritsa mphindi zisanu ali chete, msana utatsamira, mapazi pansi, monga zimafunikira. Makina adati 172/106. Ndidadikiranso pang'ono n'kubwereza. 168/104.

Kwa inu amene manambalawa simuwatsata: BP yabwino imakhala cha m'ma 120/80 kutsika. Ikamapezeka 140/90 kapena kuposa pamasiku osiyana, amenewo ndi matenda othamanga magazi. Kuyeza kwa tsiku limodzi, munthu atatopa komanso atamwa zitini zija, sikokwanira kugamula. Koma iye mwini adaulula. Ati adamuuza kale zaka ziwiri zapitazo, adamwa mapiritsi miyezi itatu, atatha sadabwererenso. Nthawi, ati. Komanso ndalama, poti kumeneko kuonana ndi dokotala si nkhani yamasewera. "Komanso sindimva kuwawa paliponse, Azakhali."

Mawu amenewo ndawamva kambirimbiri m'moyo mwanga, ndipo ambiri owanena ndidadzakumana nawonso atanyamulidwa pa machira. Matendawa sapweteka. Chakudza sichiimba ng'oma. Bambo ake omwe, mlongo wanga, ankanena chimodzimodzi, mpaka m'mawa wina ali ndi zaka 52 kapu idawapulumuka m'manja, kamwa n'kupotoka, mawu osamvekanso. Ndidawasamalira ndine miyezi isanu ndi umodzi mpaka tsiku lomwe tidakawasiya kumanda. Mnyamatayu n'kuti ali ku sekondale. Ndidayamba kumukumbutsa zimenezi koma wina adagogoda, ati akwati akulowanso. Adadzuka, kukonza tayi, nati, "Tikamba mawa."

Lamulungu tidalawirira ku Chicago, komwe amayenera kuimba kutchalitchi china 10 koloko m'mawa, kenako kumalo ena achisangalalo kuyambira 8 koloko usiku. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 150 kulowera kumadzulo, pamsewu wolipira ngati pa Chingeni paja. Tili m'njira ndidaona nthawi pafoni yanga yabwerera m'mbuyo ndi ola lathunthu. Ndidati foni yafa. Adandiseka, n'kundifotokozera kuti South Bend ndi Chicago ngakhale zayandikana chonchi sizili pa nthawi imodzi: ku South Bend ikamakwana 9 koloko, ku Chicago imakhala 8 koloko. Popita umapindula ola. Ndidasunga mumtima kuti ndiye kuti pobwerera umalibweza.

Tidadutsa mzinda wa Gary, wa mafakitale azitsulo, utsi tolotolo, nyumba zambiri zosiyidwa. Oimba onse adadzuka n'kumaloza, poti kumeneko n'komwe Michael Jackson adabadwira mu 1958, n'kukulira m'kanyumba kakang'ono momwe munkakhala banja la ana asanu ndi anayi. Bambo ake ankagwira ntchito m'fakitale ya zitsulo. Titakwera mlatho wautali wolowera mu Chicago, kudzanja lamanja kudaoneka Nyanja ya Michigan, ya madzi opanda mchere ngati yathu, koma kukula kwake pafupifupi kuwirikiza kawiri Nyanja ya Malawi.

Mapemphero adayenda bwino. Potuluka, mkulu wa mpingo wina adatipatsa matikiti awiri a masewero a baseball, ati iye sapitako, mwendo ukumuvuta. Anzathu atatu aja adasankha kukagona kunyumba kwa mkuluyo. Ine ndidafuna mnyamata wanga nayenso akagone, koma nkhope yake idawala ngati ya mwana. Ati zaka zonsezi amangoonera pa TV m'chipinda cha nkhalamba ina yomwe amaisamalira, yomwe idamuphunzitsa malamulo onse a masewerowa, koma pabwalo penipeni sadapondepo. Ndidaganiza kuti chabwino, kumeneko sakandithawa.

Tidakwera sitima ya mumzinda ya Red Line n'kutsika pa Addison. Ukangotsika masitepe, bwalo ili pamaso pako, pakati penipeni pa nyumba za anthu. Dzina lake ndi Wrigley Field, kwawo kwa timu ya Chicago Cubs. Lidatsegulidwa mu 1914, ndipo dzinalo ndi la William Wrigley, mkulu wa kampani ya chingamu yemwe anali mwini timuyo. Mumalowa anthu pafupifupi 41,000. Panja pali chiboliboli cha Ernie Banks, munthu wakuda woyamba kusewerera timuyi, mu 1953, patatha zaka zisanu ndi chimodzi Jackie Robinson atatsegula njira mu 1947. Zisanatero, anthu akuda ankasewera m'maligi awoawo.

Mkatimo ndidachita chidwi ndi zinthu zitatu. Chipupa cha njerwa chakumapeto kwa bwalo chidakutidwa ndi zomera zoyanga zomwe adadzala mu 1937, ndipo mpira ukalowa m'masambamo n'kusowa, wosewera amangokweza manja, lamulo lake lilipo. Chikwangwani chachikulu cholembapo zigoli, cha chaka chomwecho, manambala ake amasinthidwa ndi manja ndi anthu okhala mkati mwake. Ndipo pamadenga a nyumba za tsidya la msewu adamangapo mipando, anthu n'kumaonera ali pamwamba pomwepo, atalipira ndithu. Bwaloli lidakhala lopanda magetsi oseweretsa usiku mpaka 1988, n'chifukwa chake masewero ambiri kumeneko ndi amasana. Athu adayamba 1:20. Timuyi idakhala zaka 108 osatenga chikho chachikulu, kuchokera 1908 mpaka 2016, koma anthu osasiya kubwera. Inu ochemerera matimu athu amene mumafuna kochi achotsedwe akagonja kawiri, mwamva?

Masewero ake, amayi amene mudasewerako maraundasi kupulayimale simungasochere. Timu imodzi imamwazikana m'bwalo, anthu asanu ndi anayi. Mmodzi wa iwo amaima pakachulu pakati n'kumaponya kampira kolimba ngati mwala kwa womenya wa timu inayo, yemwe waima mamita 18 okha ndi chibonga chake. Kampirako kamathamanga kuposa makilomita 150 pa ola, ine sindimakaona n'komwe, ndimangomva phaa! m'manja mwa wowakha. Womenya akaphonya katatu watuluka. Akaumenya amathamangira pa malo oyamba mwa malo anayi oimapo, ndipo akazungulira onse n'kubwerera pomwe adayambira, chimenecho ndi chigoli. Atatu akatuluka matimu amasinthana. Amatero maulendo asanu ndi anayi. Mpira ukamenyedwa n'kudumpha chipupa chija amati home run, ndipo ngati womenyayo ndi wa timu ya alendo, ochemerera a pa Wrigley amauponyanso m'bwalo, ati sitiufuna.

Kunena zoona, kwa munthu wozolowera mpira wamiyendo, ola loyamba limatopetsa. Anthu amangodya, kucheza, kuwomba m'manja pang'ono, kudyanso. Mnyamata wanga adagula masoseji awiri a m'mabanzi, a mtundu wa Chicago: anyezi, tomato, tsabola, nkhaka zoviika m'mchere, pamwamba n'kuwazanso mchere wina. Nditaluma kamodzi ndidamulanda yakeyo. Munthu amayenera kudya mchere wosapitirira magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo ndi wa m'zogula zomwe. Adadandaula kuti ndamutayitsa ndalama. Ndidamugulira madzi.

Kenako ndidaona nambala ina pa chikwangwani chamagetsi yomwe imangokwera: 61, 62, 63. Ndidafunsa kuti chimenecho n'chigoli cha ndani. Ati ayi, akuwerenga mipira yomwe woponya uja waponya chiyambire masewero. Ndidati awerengeranji? Ati akafika cha m'ma 100 amamuchotsa, ngakhale akuchita bwino, kuopa kuti mkono ungawonongeke. Ndiye adayamba kundiphunzitsa monyadira. Timu iliyonse imasewera masewero 162 pachaka, theka lake koyenda, moti nawonso ndi anthu a m'misewu ngati oimba. Koma woponya woyambitsa masewero saponya tsiku ndi tsiku. Amakhalapo asanu osinthana, aliyense akaponya lero amapuma masiku anayi.

Ndidamusiya amalize. Kenako ndidati, "Bwereza. Amapuma masiku angati?"

"Anayi."

"Mnyamata wa zaka 20 zakubadwa ndi zina, wodya bwino, wa madokotala akeake, wolandira mamiliyoni, amamuwerengera mipira ndi kumupumitsa masiku anayi. Iwe wako amakuwerengera ndani?"

Adangoti duu, maso pabwalo. Ndidayamba kumuwerengera ndine. Kuyambira Lachisanu m'mawa mpaka pomwe tidakhalapo, maola ogona anali asanu ndi anayi. Zitini ndidawerenga zisanu ndi zitatu. Usiku womwewo amayenera kumaliza kuimba 12 koloko ya ku Chicago, yomwe ndi 1 koloko ya ku South Bend. Kupakira katundu ola limodzi, msewu maola awiri, kukatsitsa anzake ndi masipika. Akadalowa m'nyumba cha m'ma 4:30, shifiti 6 koloko, kukanyamula agogo a eni ake ndi manja onjenjemera.

Ubwino wa masewerowa ndi umenewu: sathamangitsa munthu. Kuyambira 2023 adaika kawotchi kofulumizitsa woponya, koma masewero enieniwo satha ndi wotchi, amatha akatuluka womaliza. Ndiye pali mpata wokamba nkhani, kusiya, kuonera pang'ono, n'kuyambiranso. Pampando umenewo ndi pomwe mwana wa mlongo wanga adandiuza zomwe sadauzepo munthu. Adatulutsa foni n'kundionetsa mauthenga a sabata imodzi yokha, ochokera kumudzi, khumi ndi anayi, onse opempha. Wina mpaka kumunyoza kuti watchuka ndiye waiwala kwawo. Ati, "Azakhali, ndikasiya Lachisanu limodzi, mwana wa achemwali abwezedwa kusukulu. Ndikanena kuti ndilibe sakhulupirira, poti aona zithunzi. Ndipo ndikasiya kuimba n'kumangosambitsa nkhalamba, ndiye ndidabwereranji kuno?" Pakati pa mauthengawo ndidaonapo langa lomwe la mwezi wa Meyi, lopempha ya malata. Manyazi adandigwira.

Tili mkati mokamba, woponya uja adafika pa 97. Mkulu wa timu adatuluka, kuyenda pang'onopang'ono mpaka pakachulu paja, n'kutambasula dzanja. Mnyamatayo adapereka mpira, n'kumatuluka, bwalo lonse litaimirira kumuwombera m'manja. Palibe adamunena kuti ndi waulesi.

Chigawo chachisanu ndi chiwiri chili pakati, anthu onse adaimiriranso, kudziwongola, n'kuimba limodzi nyimbo yawo yakalekale ya mu 1908. Ati ndi mwambo, masewero aliwonse. Monga namwino ndidauyamikira, kukhala pansi maola awiri osadzuka si bwino kwa miyendo. Titakhalanso pansi ndidati, "Imba foni kuntchito. Upeze wokugwirira mawa."

Tidakangana, musaganize kuti zidangoyenda. Ati tsiku limodzi la ntchito ndi ndalama zoposa zomwe atsale nazo pa kuimba kwa masiku atatu onsewa. Ndidamuuza kuti ine galimoto imeneyo usiku uno sindikwera, ndipo ndiimbira mwana wanga adzanditenge, n'kuwauzanso anzake atatu aja zomwe zidachitika pamsewu Lachisanu iwo ali mtulo. Adandiyang'ana ndi maso a bambo ake enieni. Kenako adanyamuka ndi foni yake kupita kuseri kwa mipando. Adatenga nthawi, moti chigoli chomwe chidadzutsa bwalo lonse iye sadachione. Pobwera adangoti, "Wavomera mnzanga wa ku Kenya. Koma ndidzamugwirira Loweruka lina." Mpaka masewero kutha sadandilankhulenso. Ndani adapambana, musandifunse. Ati timu ikapambana amakweza mbendera ya chilembo cha W pamwamba pa chikwangwani chija kuti a m'sitima aone, koma ine ndidaiwala kuyang'ana.

Usikuwo adaimba bwino kuposa masiku ena onse, kapena ndi mtima wanga womwe unali utatsika. Tidagona kwa mkulu wa mpingo uja, anyamata pamphasa za pabalaza, ine ndi mtsikana uja m'chipinda cha ana. Adadzuka 9 koloko. Tidanyamuka dzuwa lili pamutu, ola lija n'kulibweza pamsewu popanda wodandaula. Atawerengera zonse, kubweza galimoto, mafuta, misonkho ya pamsewu ndi chakudya, aliyense adatsala ndi madola 110.

Lachitatu lake ndidapita naye ndekha kuchipatala china chaching'ono cha m'dera, cha mtundu womwe umalipiritsa molingana ndi zomwe munthu amapeza. Zilipo kumeneko, kungoti ambiri sazidziwa kapena amachita mphwayi. BP idapezekanso yokwera, adamuyeza magazi ndi mkodzo kuti aone impso, n'kumuyambitsanso mapiritsi, kamodzi patsiku. Mtengo wa mapiritsi a mwezi wonse sudafike pa zomwe amawononga pa zitini zija sabata imodzi. Kamakina kanga ndidamusiyira. Kunotu kwathu kuchipatala cha boma kuyezetsa BP n'kwaulere, ndiye inu amene kholo lanu lidafa ziwalo kapena kumwalira mwadzidzidzi, mukudikira chiyani? Ndipo mukadzaona munthu kamwa yapotoka, mkono wafooka mbali imodzi, mawu akukoka, musataye nthawi ndi kumufukiza kapena kufufuza wamulodza, thamangirani naye kuchipatala ola lomwelo.

Tsono Mayi a ku Chilomoni, gitalayo musamulande. Mugwirizane naye: sukulu masiku asanu, gitala Loweruka ndi kutchalitchi, ndipo mayeso a Fomu 4 alembe. Mumuuze kuti woimba amene ine ndikumudziwa ku America chomwe chimamulipirira lendi ndi kapepala ka maphunziro osamalira odwala, ndipo akadapanda sukulu sakadakapeza. Adziwenso kuti njira yopitira kumeneko idathina: mu Ogasiti 2025 boma la America lidalamula kuti Amalawi ofuna viza ya alendo azisiya chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000. Mudzandilemberenso teremu ikatha, mundiuze wakhoza bwanji.

Mnyamata wanga uja Lamulungu lililonse amanditumizira manambala pa WhatsApp. A sabata yatha anali 136/86. Akuti tsopano akaimba kutali amagona komweko, ndipo wa ng'oma uja adamuuza kuti tsiku loyendetsa asalawe. Zitini akuti adatsika kufika pa chimodzi, koma izo ndi zonena iye, ine sindili komweko. Nditamufunsa za masoseji aja adangotumiza kankhope koseka. Ya malata ija ndidamuuza aisiye, ndidafolera ndi ya penshoni.

Sabata ya mawa tibwerera ku makalata anu. Bambo a ku Mponela amene mudafunsa za mwana wokodza pogona, ndiyamba ndi inu.